Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Bungwe la PMRA pa Nkhani ya Chlorine Dioxide

Kwa Mkulu wa Bungwe Loyang'anira Mankhwala la PMRA,
Lilongwe.

Bwana Mkulu,

Ndikukulemberani chifukwa lamulo la 2019, lomwe linakhazikitsa bungwe lanu m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, linaika m'manja mwanu udindo wouza Amalawi chimene chili choyenera kulowa m'thupi la wodwala ndi chimene sichiyenera. Nkhani yanga ndi ya chlorine dioxide, mpweya umene akatswiri a madzi amaudalira popha tizilombo, koma umene anthu ena m'mayiko ambiri akhala akuugulitsa kwa odwala m'timabotolo tolembedwa MMS kapena CDS, n'kumawauza kuti umachiza malungo, Edzi, khansa, shuga ndi Covid-19. Pempho langa n'lakuti mulankhulepo poyera, m'zilankhulo zathu, ogulitsawo asanayambe ndiwo kutilankhula. Ndipo polankhulapo, musiyanitse bwinobwino ntchito yabwino ya mankhwala otsukira madzi ndi bodza lowasandutsa chakumwa cha odwala, pakuti dziko lino likufunika zonse ziwiri: kukhulupirira madzi othiridwa mankhwala, ndi kukana timabotolo ta zozizwitsa.

Mbiri ya mpweyawu ndi yolemekezeka, ndipo ndi bwino kuiyamba pomwe inayambira. Mu 1811, katswiri wa sayansi wa ku England, Humphry Davy, anathira asidi mu potassium chlorate n'kupeza mpweya wachikasu chobiriwirako, wa fungo lotsamwitsa. Kwa zaka zoposa zana anthu sanaupezere ntchito yaikulu, chifukwa ukachuluka pamalo amodzi umaphulika. Mpaka lero suikidwa m'masilinda n'kutumizidwa kutali monga zimakhalira ndi mipweya ina. Amaupangira pomwepo pamene akufuna kuugwiritsa ntchito. M'zaka za m'ma 1920, Erich Schmidt wa ku Germany anaona kuti umadya lignin, chinthu chomwe chimamatira ulusi wa mtengo ndi kuupatsa mtundu wakuda, koma ulusi weniweniwo n'kuusiya. Apa ndi pomwe mafakitale a mapepala anaudziwira, ndipo kufikira lero mbali yaikulu ya chlorine dioxide yense wopangidwa padziko lapansi imathera pa kuyeretsa zamkati za mitengo kuti mapepala atuluke oyera.

Ku madzi akumwa unalowa mu 1944, mumzinda wa Niagara Falls ku New York. Madzi a kumeneko ankaipitsidwa ndi zotayidwa za m'mafakitale, ndipo akathiramo klorini wamba ankanunkha ndi kuwawa mkamwa. Chlorine dioxide anathetsa vutolo. Mu 1956 mzinda wa Brussels ku Belgium unayamba kumugwiritsa ntchito potsuka madzi ake ochuluka. Kenako mu 1974, Johannes Rook wa ku Rotterdam anapeza kuti klorini wamba akakumana ndi zowola za masamba ndi dothi m'madzi amabala tinthu tina tosafunika m'thupi, totchedwa trihalomethanes. Popeza chlorine dioxide sabala tinthuti tochuluka, mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku America inamutembenukira. Zipatala zimamugwiritsa ntchito popha tizilombo ta Legionella tobisala m'mapaipi. Makalata okhala ndi tizilombo ta anthrax atatumizidwa ku Washington mu 2001, nyumba ya maofesi a aphungu yotchedwa Hart Senate Office Building ndi malo osankhira makalata a Brentwood anazifukiza ndi mpweya womwewu. Koma pofukizapo munalibe anthu, ndipo ogwira ntchitoyo anavala zodzitetezera thupi lonse.

Mfundo yofunika kwambiri m'mbiri yonseyi ndi malire. Akatswiri omwe amautama mpweyawu ndi omwenso amauopa kwambiri. Ku America lamulo sililola kuti lita imodzi ya madzi akumwa ikhale ndi chlorine dioxide woposa mamiligalamu 0.8, ndipo chlorite, chomwe chimatsala mpweyawu ukatha ntchito, sichiyenera kupitirira miligalamu imodzi. Bungwe la WHO linaika malire a chlorite pa mamiligalamu 0.7 pa lita. Malirewa alipo chifukwa kafukufuku anaonetsa kalekale kuti chlorite chikachuluka chimawononga maselo ofiira a magazi. N'chifukwa chake m'malo otsukira madzi amayeza mlingo tsiku ndi tsiku. Pamene m'kabotolo ka MMS, koposa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi sodium chlorite, ndipo wogula amauzidwa kuti asakanize yekha ndi asidi kunyumba, popanda choyezera, n'kumwa kapena kumwetsa mwana.

Amene anabweretsa kabotoloka ndi Jim Humble wa ku America, munthu wosaka golide yemwe sanaphunzirepo zaudokotala. Iye ankanena kuti mu 1996, ali m'nkhalango za ku Guyana, anapatsa anzake odwala malungo madontho otsukira madzi ndipo anachira. Mu 2006 anadzisindikizira yekha buku lolengeza kuti wapeza mankhwala a zozizwitsa. Mu 2010 iye ndi Mark Grenon anayambitsa chimene anachitcha Genesis II Church of Health and Healing. MMS anamutcha sakramenti, mtengo wake anautcha chopereka, ndipo amene walipira maphunziro a masiku ochepa ankapatsidwa udindo wa mtumiki. Grenon mwiniwake anadzanena poyera kuti dzina la mpingo analisankha pofuna kuzemba malamulo a mankhwala. Mu 2016, atolankhani atamufufuza, Humble analemba kuti MMS sachiza kanthu. Koma panthawiyo timabotolo tinali titafika kale m'mayiko ambiri.

Bodza lake limakopa chifukwa limayambira pa choonadi. N'zoona kuti mpweyawu umapha tizilombo m'madzi. Chimene ogulitsa sanena n'chakuti susankha chowononga. Umaotcha chamoyo chilichonse chimene wakumana nacho, kaya ndi kachilombo, kaya ndi khungu la m'kati mwa mmero. M'paipi ya madzi mulibe mnofu wa munthu, koma m'thupi chilichonse chimene mankhwalawa akhudza ndi munthu mwiniyo. Kachilombo ka malungo kamakhala m'chiwindi ndi m'kati mwa maselo ofiira a magazi. Kuti madontho akakafikire kumeneko, ayenera kudutsa pammero, m'mimba ndi m'magazi, akuwononga njira yonseyo. Tonse timachapira Jik zovala ndipo timadziwa kuti amapha majeremusi, koma palibe mayi amene angamwetse mwana wake Jik chifukwa wadwala chifuwa.

Zimene madokotala aona mwa anthu omwa MMS n'zodziwika: kusanza kosalekeza, kutsegula m'mimba, kutha madzi m'thupi, kutsika koopsa kwa kuthamanga kwa magazi, kuwonongeka kwa impso ndi chiwindi, ndiponso kusintha kwa magazi kotero kuti amalephera kunyamula mpweya wabwino, munthu n'kuyamba kuda milomo ndi zala. Pali chinthu chimodzi chomwe chikutikhudza ife makamaka. M'madera a malungo mu Africa muli anthu ambiri obadwa ndi kuperewera kwa G6PD, chinthu chomwe chimateteza maselo ofiira a magazi ku mankhwala ootcha ngati amenewa. Ambiri sadziwa kuti ali nalo vutoli. Kwa munthu wotere, makamaka mwana yemwe malungo amuchepetsa kale magazi, madonthowa akhoza kuswa maselo amene atsala.

Choopsa china ndi mmene ogulitsa amatanthauzira ululuwo. Wodwala akayamba kusanza, amamuuza kuti mankhwala akugwira ntchito, matenda akutuluka, apitirize. Bwana, inu mukudziwa mmene mawu amenewa angalandiridwire kwathu kuno, kumene ambiri anakula akumva kuti mankhwala amphamvu ndi osanzitsa, ndi kuti chimene chatuluka m'kamwa ndiye nthenda. Chizindikiro chomwe chikanamuthamangitsira munthu kuchipatala chimasanduka chomulimbikitsa kuwonjezera madontho. Ku America ndi ku Ulaya, Kerri Rivera anaphunzitsa makolo a ana omwe ali ndi autism kuwamwetsa mankhwalawa ndi kuwapopera kumatako. Tizidutswa totuluka m'chimbudzi cha anawo ankati ndi nyongolotsi, pamene madokotala anafotokoza kuti ndi ntchofu ndi khungu la m'matumbo losupuka.

Mabungwe a mayiko ena sanakhale chete. FDA ya ku America inachenjeza anthu mu 2010 ndipo inabwerezanso mu 2019 ndi 2020. Ku Britain chenjezo linatuluka mu 2010, mnyamata wa ku Wales, Rhys Morgan, yemwe anali ndi zaka 15, ataulula zomwe zinkalengezedwa kwa odwala matenda a m'matumbo. Mu 2015 khoti la ku Spokane linalamula Louis Daniel Smith kukakhala kundende miyezi 51 chifukwa chogulitsa MMS. Mu 2023 khoti la ku Miami linapeza Mark Grenon ndi ana ake atatu olakwa: awiri anapatsidwa miyezi 151 aliyense, bamboyo ndi mwana wina zaka zisanu. Anali atapeza ndalama zoposa madola miliyoni imodzi pogulitsa mankhwala omwe ankasakaniza m'kashedi kuseri kwa nyumba ku Bradenton, ku Florida.

Malamulo akathina kwawo, anthu otere amayang'ana kumene kuli odwala ambiri ndi oyang'anira ochepa. Mu 2013, bungwe la International Federation of Red Cross and Red Crescent Societies linakakamizika kutulutsa chikalata chodzipatula ku kanema wojambulidwa ku Uganda, yemwe ankanena kuti MMS wachiza malungo pamaso pa ogwira ntchito a Red Cross. Mu 2019 nyuzipepala ya The Guardian inalemba kuti m'busa wa ku New Jersey, Robert Baldwin, anaphunzitsa atsogoleri a mipingo pafupifupi 1,200 ku Uganda kumwetsa akhristu awo mankhwalawa, ndi kuti anthu ofika 50,000, kuphatikizapo makanda, ayenera kuti analandira. Abusa olimbikira ankalonjezedwa mafoni amakono. Ambiri mwa abusawo anali anthu okonda nkhosa zawo, omwe anakhulupirira mlendo wobwera ndi Baibulo. Apolisi a ku Uganda anagwira mzungu wina wa ku Britain wofalitsa mankhwalawa ndi anzake a m'dzikomo nkhaniyo itaphulika, koma makapu anali atamwedwa kale. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo dzina la dziko lathu lili kale m'nkhaniyi. M'zolemba zotsatsira MMS zomwe zakhala zikuzungulira pa intaneti kwa zaka zambiri, Humble ndi omutsatira amanena kuti mankhwalawa anayesedwa pa odwala malungo m'ndende ina ya ku Malawi, ndiponso kuti boma la Malawi linachita mayeso ake n'kupeza kuti pafupifupi onse anachira. Mayi wa ku Peru kapena ku Spain amene akuganiza zomwetsa mwana wake madonthowa amawerenga dzina la Malawi ngati chidindo cha chilolezo. Mawu amenewa akufunika yankho lochokera kwa eni dzina. Ngati ali onama, dziko lathu likunamiziridwa pofuna kugulitsa poizoni. Ngati wina anamwetsadi akaidi, anthu omwe alibe ufulu wokwanira wokana, ndiye kuti pali mlandu womwe Amalawi ayenera kuumva. Mulimonsemo, kukhala chete kumathandiza wogulitsa.

Chitsanzo cha Bolivia chikuonetsa zimene zimachitika olamulira akalankhula mawu awiri. Mu 2020, Covid-19 itadzaza zipatala, anthu a ku Cochabamba ankaima pamizere italiitali kudikira kugula chlorine dioxide. Unduna wa zaumoyo unachenjeza, koma nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lolola kupanga ndi kugwiritsa ntchito mankhwalawa pa matendawo. Munthu wamba anasiyidwa kuti asankhe yekha pakati pa nduna ndi aphungu. Ku Argentina chaka chomwecho, wofalitsa nkhani wina anamwa mankhwalawa pa wailesi yakanema anthu akuonerera, ndipo patangopita masiku ochepa mwana wa zaka zisanu ku Neuquén anamwalira makolo ake atamumwetsa. Andreas Kalcker, wa ku Germany, yemwe mabuku ndi makanema ake anafalitsa CDS ku South America, anatsegulidwira mlandu m'dzikolo.

Otsatira mankhwalawa ali ndi mfundo imodzi yomwe iyenera kuyankhidwa mwaulemu, chifukwa anthu ambiri abwino amaikhulupirira. Amati makampani akuluakulu amabisa MMS poti ndi wotchipa. Koma mbiri ya zaumoyo yadzaza ndi zinthu zotchipa zomwe zinalandiridwa zitayesedwa. Thanzi ORS ndi mchere, shuga ndi madzi, ndipo padziko lonse mankhwala a ORS apulumutsa ana mamiliyoni. Artemisinin, yemwe ndi maziko a LA amene takhala tikumwa kuno kuyambira 2007, anachokera ku chitsamba cha ku China, ndipo Tu Youyou analandira mphotho ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyo. Mu 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anaonetsa kuti dexamethasone, mankhwala akale otchipa, amachepetsa imfa kwa odwala Covid-19 kwambiri, ndipo zipatala zinayamba kumugwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Ngakhale sodium chlorite anapatsidwa mwayi wake: mankhwala opangidwa kuchokera kwa iye, otchedwa NP001, anayesedwa mwadongosolo pa odwala ALS, matenda opha minyewa, ndipo zotsatira za mu 2018 sizinafike pamene ofufuza ankayembekezera. Khomo la kafukufuku n'lotsegula. Ogulitsa MMS amalizemba chifukwa kumeneko amawerenga ochira ndi omwalira omwe, osati maumboni a pa Facebook okha.

Sindikufuna kuti tinyoze anthu amene amagwa m'msampha wotere. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anapita ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, nthawi yomwe Edzi inkapha popanda ma ARV. Sanali opusa, anali ndi mantha ndipo analibe kwina kolowera. Lero tili ndi ma ARV aulere, tili ndi zoyezera malungo zotulutsa zotsatira m'mphindi zochepa, ndipo mu April 2019 dziko lathu linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'zipatala za boma. Komabe chipatala chikatalika, mankhwala akatha m'famase, kapena wodwala khansa akauzidwa kuti abwerere kunyumba, uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza machiritso umafika msanga kuposa ambulansi. Imfa yambiri ya mankhwala abodza siichokera m'kabotolo mokha. Imabwera pamene mwana wotentha thupi wachedwa masiku awiri kufika kuchipatala, kapena pamene munthu wasiya ma ARV poganiza kuti wachira.

Pali ngozi ina yomwe ndikupempha kuti muisamale pochenjeza. Mliri wa kolera womwe unayamba mu March 2022 unapha Amalawi oposa 1,700, ndipo chida chathu chachikulu chinali klorini: WaterGuard, HTH, ndi madzi a klorini omwe alangizi a zaumoyo ankagawa khomo ndi khomo. Tinaonanso mmene mphekesera zinachititsira anthu ena kukayikira ogwira ntchito zaumoyo. Klorini ameneyu si chlorine dioxide, ngakhale mayina akufanana. Chenjezo lolembedwa mwachisawawa likhoza kupangitsa mayi kusiya kuthira mankhwala m'ndowa ya madzi akumwa, ndipo tikhoza kutaya ana ambiri ndi kolera kuposa omwe tikufuna kuwateteza ku MMS. Uthenga uyenera kukhala womveka: mankhwala otsukira madzi, pa mlingo womwe mlangizi wanena, amateteza ku matenda obwera ndi madzi oipa, sachiza matenda omwe ali kale m'thupi, ndipo aliyense wonena zosiyana ndi izi akunama.

Tsono zimene ndikupempha ndi izi. Choyamba, tulutsani chenjezo m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, lotchula mayina onse omwe ogulitsa amagwiritsa ntchito, ndipo lipite pa mawailesi a m'madera ndiponso ngati uthenga wa mawu wotumizika pafoni, chifukwa bodza limayenda njira imeneyo. Chikalata cha Chingelezi pa tsamba la intaneti chimafika kwa anthu omwe sali pangozi kwenikweni.

Chachiwiri, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo ndi National Health Sciences Research Committee, fufuzani m'mafaelo za mayeso a m'ndende omwe amatchulidwa aja, ndipo mulengeze zimene mwapeza kuti dziko lonse lapansi limve kuchokera kwa ife.

Chachitatu, gwirani ntchito ndi Malawi Revenue Authority ndi Malawi Bureau of Standards kuti sodium chlorite wolowa m'dziko adziwike kumene akupita. Mafakitale ndi otsuka madzi ali ndi ufulu womugula, ndipo asavutitsidwe. Koma wina akamuthira m'timabotolo n'kulembapo mayina a matenda, ameneyo akugulitsa mankhwala osavomerezeka, ngakhale ndalamazo azitche chopereka. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsanso kufalitsa zabodza zokhudza matendawa, ndipo ligwiritsidwe ntchito.

Chachinayi, khalani pansi ndi Malawi Council of Churches, Evangelical Association of Malawi, mabishopu a Katolika ndi Muslim Association of Malawi, muwafotokozere zomwe zinachitika ku Uganda. M'busa kapena shehe wodziwa nkhaniyi adzamubweza mlendo wa timabotolo asanafike paguwa.

Chachisanu, tumizani malangizo achidule kwa madokotala, anamwino, ogulitsa m'mafamase ndi alangizi a zaumoyo: zizindikiro za munthu womwa mankhwalawa, chithandizo choyamba, ndi kumene angakanene. Awauze makolo kuti wobwera ndi mwana wovulala adzathandizidwa osakalipiridwa, pakuti kuopa kudzudzulidwa kumabisitsa odwala.

Zonsezi sizifuna nyumba yatsopano kapena ndalama za mayiko akunja. Zikufuna kuti bungwe lomwe Amalawi analipatsa mphamvu lizigwiritse ntchito nthawi isanathe. Uganda inachitapo kanthu anthu masauzande atamwa kale, ndipo Argentina inatsegula mlandu mwana ataikidwa m'manda. Inu muli ndi mwayi wochenjeza mabanja athu zisanafike pamenepo, ndipo ndikuyembekezera kumva mawu a bungwe lanu pa wailesi.

Ine wanu mwaulemu,

Mzika yokhudzidwa ndi umoyo wa Amalawi